Dzala la Sukulu Lisanduke Bwalo

Nkhani yokambidwa pa msonkhano wa makolo a Chimalawi okhala m'mizinda ya kumpoto kwa England

 Ndikuthokoza kuti munalolera kuboola mvula ndi mphepo, ena kuchokera ku Manchester ndi ku Liverpool, ena ku Sheffield ndi ku Bradford, enanso kutali ku Newcastle, kuti tidzakhale pamodzi muno mu Leeds. Pakuti ndidziwa kuti m'dziko lino tsiku lopuma ndi chuma, ndi kuti ambiri a inu mwachokera ku ntchito ya usiku, m'zipatala ndi m'nyumba zosamaliramo okalamba, osaona ndi tulo tomwe.

Nkhani imene ndadza nayo, munthu poimva koyamba angaiyese yopepuka. Sindinadze kudzakamba za mayeso a ana, kapena za zikalata za boma, kapena za ndalama zotumiza kumudzi, ngakhale kuti zimenezo ndizo zimatisowetsa mtendere. Ndadza kudzakamba za kangodya kaja ka kuseri kwa sukulu, kumene kumaima mabini a mapepala, mabotolo ndi zitini zoti zikakonzedwenso n'kukhala zatsopano. Kwathu malo otere tikanati ndi kudzala. Ndipo pempho langa lero ndi limodzi lokha: dzala la sukulu lisanduke bwalo.

Chimene chinandipatsa maganizo amenewa ndi ichi. Tsiku lina m'mwezi wa Disembala, nyengo imene kuno dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndinapita kukatenga mdzukulu wanga ku sukulu, ndipo anatuluka pachipata atafumbata botolo la pulasitiki lopanda kanthu. Nditamufunsa chifukwa chimene ananyamulira chinthu chotha ntchito, anandiyankha nati, "Agogo, aphunzitsi anatiuza kuti botolo lisamatayidwe pamodzi ndi zinyalala zina, koma kumene kuli bini la mabotolo kuli mdima, ndipo kumanunkha." M'mawa mwake ndinapempha chilolezo kuti ndikadzionere ndekha. Ndinazungulira kuseri kwa khitchini, m'kanjira kopanikiza pakati pa khoma ndi mpanda wa waya, kufikira ndinapeza mabini akuluakulu a mateyala, zivindikiro zake zili m'mwamba moti mwana wa zaka 7 sakanazifikira, nanji kuzitukula. Zilembo zitafufutika ndi mvula, makatoni atanyowa n'kuphwasuka pansi, madzi akuda atadikha polowera. Sindikuimba mlandu munthu aliyense, pakuti aphunzitsi a pamenepo ndi anthu akhama ndi okonda ana. Koma nditaima pamalopo ndinazindikira kuti sukuluyo, mosadziwa, inali kuphunzitsa maphunziro awiri otsutsana. M'kalasi mwana amamva kuti botolo ndi chuma choyenera kusungidwa. Kuseri kwa khitchini amaona kuti botolo ndi chonyansa choyenera kubisidwa. Nanga mwa ziwirizi adzagwira chiti? Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Abale anga, mwana amaphunzira ndi maso, ndi mphuno, ndi mapazi, asanaphunzire ndi makutu. Ndipo mawu amenewa mudzawamvanso, chifukwa ndiwo mzati wa zonse zimene ndinene.

Ndisanatchule mfundo zanga, ndiloleni ndikukumbutseni kuti luso loukitsa chinthu chotayidwa si lachilendo kwa ife. Ife amene tinakulira ku Malawi tinamenya mpira wa chikulunga, womangidwa ndi majumbo ndi zingwe. Tinayendetsa galimoto za mawaya. Tinawerenga usiku pa koloboyi wa kachitini. Tinavala nkhwaira za teyala lakutha. Ndipo panalibe mmodzi wa ife amene akanayerekeza kutaya botolo la Fanta, podziwa kuti wa golosale sakupatsa lodzaza usanamubwezere lopanda kanthu. Ngakhale dzala lenilenilo silinali malo akufa ayi, pakuti pamenepo ndi pamene pankamera bonongwe wonona, ndi maungu ndi tomato zosabzala munthu, ndipo makolo athu, podziwa mphamvu ya phulusa ndi makoko, ankabzala nthochi m'mbali mwake.

Kwa eni dziko lino nakonso lusoli si lachilendo. Pafupi pomwepa pali tauni ya Batley, kumene m'chaka cha 1813 munthu wina dzina lake Benjamin Law anatulukira njira yosasantha nsanza za ubweya, n'kuzisakaniza ndi ubweya watsopano, n'kuombanso nsalu. Ntchito imeneyo inakula kotero kuti nsanza zinkafika ku Batley ndi ku Dewsbury kuchokera m'maiko ambiri, zinkasankhidwa ndi manja a amayi, ndipo zinkatuluka zili mabulangete ndi zovala za asilikali. Inu amene munawerama pa mulu wa kaunjika mumsika wa Limbe mudziwa kuti chimene wina wavula ndicho chimafunditsa mnzake. Koma taonani chimene chinagwera dzina la nsalu ija. Ankaitcha shoddy, ndipo lero m'Chingerezi liwu limenelo limatanthauza chinthu chachabechabe, chopangidwa mwaulesi. Ntchito imene inadyetsa mabanja ndi kumanga matauni inasanduka liwu lonyozera. Umo ndi mmene uliri mtima wa munthu: amadya phindu la chotoledwa, nanyoza wotola pamodzi ndi malo otolera, ndipo ndi mtima womwewo umene umakankhira mabini a sukulu kuseri kwa khitchini.

Tsono mfundo zanga ndi zisanu. Yoyamba ndi malo; yachiwiri ndi chizindikiro chomveka; yachitatu ndi kukongola; yachinayi ndi eni ake a malowo; ndipo yachisanu ndi choona chake cha kumene zinthuzo zimapita.

Mfundo yoyamba: malo. Madzi saiwala khwawa, ndipo mwana sasiya njira imene mapazi ake anazolowera. Mukafuna kudziwa pamene bini liyenera kuima, musafunse kumene kwatsala malo opanda ntchito. Kaimeni pabwalo nthawi ya buleki, muone kumene ana amadutsa, kumene amadyera, ndi kumene mapepala amagwera okha, pakuti pamene pagwa zinyalala zambiri, pamenepo ana akukuuzani ndi manja awo kuti pakusowa bini. Ndipo pano tisiyanitse zinthu ziwiri zimene kawirikawiri zimaikidwa m'thumba limodzi. Pali mabini akuluakulu amene lole imadzakhuthula. Amenewo akhale mumpanda wotseka, potalikira makoma, chifukwa ozimitsa moto a m'dziko lino amachenjeza kuti bini lotsamira khoma likayatsidwa usiku ndi anthu oipa, malawi ake amakwera n'kulowa m'denga. Ndiye pali mabini aang'ono a ana, amene ayenera kukhala poyera, pakhomo la chipinda chodyera kapena pamphambano ya tinjira ta pabwalo, aafupi molingana ndi msinkhu wa mwana wa zaka 5, ofikirika kwa mwana woyenda pa njinga ya olumala, pansi pake pali posalala ndi popendekeka pang'ono kuti madzi asadikhe. Cholakwika chimene ndinachiona tsiku lija chinali chakuti ana ankatumidwa ku malo a lole.

Kumbukiraninso kuti kuno si ku Salima. Mvula ya kuno sidziwa dzinja kapena chilimwe. Mphepo yotsika m'mapiri a Pennines imagubuduza bini losamangirira. Ndipo pepala likanyowa, mtengo wake wagwa. Chotero pakhale kadenga, ngakhale ka malata awiri okha. Pakhale getsi, chifukwa pakati pa nyengo yozizira ana otsalira ku masewera amaweruka kutada. Zivindikiro zikhale zotseka bwino, pakuti nkhandwe zimayenda m'mizinda ino usiku monga agalu a m'mudzi, makoswe sasowa, ndipo m'mwezi wa Seputembala, pamene sukulu zikutsegulira, mavu amazungulira chitini chilichonse chimene mwatsala kotsekemera. Ndipo bini la zobwezeretsa lisaime lokha; pambali pake paime la zinyalala wamba ndi la zakudya zotsala, apo ayi khoko la nthochi lidzalowa m'mapepala, popeza dzanja limaponya pamene pali pafupi.

Mfundo yachiwiri: chizindikiro chomveka. Pano tiyeni tiyesane pang'ono. Inu a muno mu Leeds, bini lobiriwira ndi la chiyani? Mwayankha bwino: ndi la zobwezeretsa. Nanga inu a ku Bradford, amene mwayenda mphindi 20 zokha pa sitima? Kwanu lobiriwira ndi la zinyalala wamba, ndipo la zobwezeretsa ndi lotuwa. Ku Newcastle lobiriwira ndi la zinyalala wamba, la zobwezeretsa ndi la buluu. Ku Manchester lobiriwira ndi la zakudya zotsala ndi zinyalala za m'dimba, la buluu ndi la mapepala, lofiirira ndi la mabotolo ndi zitini. Ku Liverpool zinyalala wamba zimalowa m'bini la pepo. Kodi si chisokonezo chonga cha pa nsanja ya Babele chimenechi? Mabanja athu amasamuka kutsata ntchito, ndipo mwana amene anaphunzira bwino ku Bradford amafika ku Leeds n'kumalakwa ndi mtima woona, nadzudzulidwa chifukwa cha kumvera kwake.

Chifukwa chake mtundu pawokha sukwanira. Mitundu ya pa sukulu ifanane ndi ya khonsolo ya mzindawo, kuti chimene mwana waphunzira masana akachichite kunyumba madzulo; koma pamwamba pa bini lililonse pakhomedwenso chinthu chenichenicho, botolo lenileni, chitini chenicheni, pepala lenileni, zotengedwa pa zimene ana a pa sukulupo amadya ndi kumwa. Pakamwa pa bini pafanane ndi cholowamo: kabowo kozungulira ka botolo, kampata kakatali kopyapyala ka pepala, kotero kuti mwana amene sanayambe kuwerenga, kapena amene wangofika kumene m'dziko muno Chingerezi chisanamulowe, dzanja lake limuwerengere. Musachiyese chaching'ono chimenechi. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola; yogati wotayikira m'mapepala, kapena katoni yothimbirira mafuta, zikachuluka zingachititse kuti katundu yense akanidwe ku fakitale n'kukawotchedwa. Mabatire okha asalowe m'bini lililonse la pabwalo, koma akhale ndi kabokosi kawo ku ofesi, pakuti akaphwanyika m'lole amabuka moto. Momwemonso ndudu zamagetsi zija, zimene boma linaletsa kugulitsa za mtundu wosuta n'kutaya kuyambira pa 1 Juni 2025.

Mfundo yachitatu, imene ndikhalitsepo: kukongola. Ndidziwa kuti wina mumtima mwake akuti, kodi zinyalala n'kuzikongoletsera malo? Si kuveka nkhumba mkanda kumeneko? Ndimuyankha ndi zinthu zimene zachitika m'dera lomwe lino, zoti angathe kukaziona ndi maso ake.

M'mwezi wa Okutobala 2018, bungwe la Hubbub, mogwirizana ndi khonsolo ya mzinda uno, linayamba ntchito yotchedwa Leeds By Example. Anaika m'misewu ya pakati pa mzinda mabini owala, achikasu a mabotolo ndi zitini, aolenji a makapu a khofi, ndipo ena mwa iwo ankaulutsa timathovu m'mwamba munthu akaponyamo kanthu. Anafalitsanso uthenga womveka wa chimene chilowa ndi chimene sichilowa. Patatha miyezi 6, kafukufuku wawo anapeza kuti anthu otaya moyenera anakwera kuchoka pa 17 kufika pa 32 mwa anthu 100 aliwonse. Anthu ake anali omwewo, misewu yake yomweyo. Koma bini linaleka kubisala, linayamba kuitana. Bungwe lomwelo, m'chaka cha 2015, linaika mumsewu wa Villiers Street ku London kabokosi ka magalasi awiri kotayamo zotsala za ndudu, pamwamba pake patalembedwa funso lakuti katswiri wa mpira woposa onse ndani, Ronaldo kapena Messi. Ndipo osuta, amene kale ankangoponya pansi, anayamba kuvota ndi zotsalazo. Ngati munthu wamkulu wa ndevu amakopeka ndi masewera otere, nanga mwana? Ikani mitsuko iwiri yoonekera m'kati, ana aziponyamo zitsekerero za mabotolo poyankha funso la sabata imeneyo, ndipo mudzaona akuthamangira kumene kale ankathawa.

Pitaninso ku Cross Green, kum'mawa kwa mzinda uno, mukaone nyumba imene kampani ya Veolia imawotcheramo zinyalala za m'mabini akuda a Leeds n'kupanga magetsi, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2016. Kutalika kwake ndi mamita 42, nthiti zake ndi za matabwa okhota, ndipo khoma lake lina linavekedwa zomera zamoyo kuyambira pansi kufikira m'mwamba, moti mlendo wodutsa sangaganize kuti m'katimo muli zotaya za mzinda wonse. Ngati mzinda unaona kuti n'koyenera kuveka nyumba ya zinyalala chovala chobiriwira, kodi sukulu ingalephere kuika miphika itatu ya maluwa pambali pa mabini ake? Ndipo ku Todmorden, m'chigwa cha Calder, m'chaka cha 2008 amayi awiri, Pam Warhurst ndi Mary Clear, pamodzi ndi anzawo, anayamba kubzala ndiwo zamasamba m'malo osiyidwa, pafupi ndi siteshoni ya sitima, ngakhale kutsogolo kwa polisi, kuti aliyense wodutsa athyole. Ntchito imeneyo, yotchedwa Incredible Edible, inafalikira m'matauni ambiri. Ine nditamva za iwo ndinakumbukira bonongwe uja wa padzala, ndipo ndinati mumtima mwanga, amayi awa akanamvana ndi amayi anga popanda womasulira.

Zofunika si zodula. Muno mu Leeds muli bungwe la Seagulls, limene limasonkhanitsa penti wotsala m'zitini za anthu, n'kumusakaniza bwino, n'kumugulitsa motchipa. Chotero khoma la pa malo obwezeretsera zinthu likhoza kupakidwa ndi penti amene iye mwini ndi wobwezeretsedwa. Matabwa otsala a mapaleti asanduke benchi ndi mabokosi obzalamo. M'mabokosimo mubzalidwe zitsamba zonunkhira zimene zimapirira chisanu cha kuno, monga mint, rosemary ndi lavender, kuti mphuno ya mwana, imene kale inkamubweza, tsopano izimuitana. Zithunzi za pakhoma ajambule ndi ana okha, ngakhale mizere ikhote, chifukwa mwana saipitsa khoma limene pali dzanja lake. Ndipo malowo apatsidwe dzina, losankha ana, pakuti kwathu ngakhale chitsime chimakhala ndi dzina, ndipo malo opanda dzina amakhala opanda mwini. Benchi ija musaiiwale: pamene munthu angakhale pansi n'kucheza, pamenepo pasanduka bwalo.

Koma ndikuchenjezeni, abale anga: chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Penti sachotsa fungo. Mukakongoletsa khoma koma osapangana za tsiku lokhuthula ndi tsiku lotsuka, osaonetsetsa kuti pafupi pali mpopi ndi burashi, pakutha pa mwezi umodzi mudzakhala ndi dzala lomwe lija litavala malaya atsopano; ndipo bini losefukira limagwetsa m'tsiku limodzi chimene aphunzitsi anamanga teremu yonse. Mwana amaphunzira ndi maso ndi mphuno asanaphunzire ndi makutu. Ndipo mphuno sinamizidwa ndi chithunzi.

Mfundo yachinayi: eni ake a malowo. Pano ndilankhula chimene chimandiwawa mumtima. Ambiri a ife, m'sukulu zimene tinaphunziramo kwathu, tikachedwa kapena tikalongolola m'kalasi tinkapatsidwa chibalo chokumba dzenje la zinyalala, kapena chotola mapepala pabwalo anzathu akutiyang'ana pawindo. Aphunzitsi athu anatifunira zabwino, ndipo ndimawakumbukira ndi ulemu. Koma pamodzi ndi masamu ndi Chingerezi tinatuluka ndi phunziro lina losalembedwa pa bolodi, lakuti kugwira zinyalala ndi mphotho ya wolakwa. Ine ndikhulupirira kuti phunziro limenelo lili ndi gawo lake pa zimene timaona lero, pamene munthu wamkulu wovala bwino amaponya jumbo pawindo la minibasi popanda manyazi, ndi pamene mtsinje wa Mudi ku Blantyre umasenza mapulasitiki mvula ikagwa. Boma la Malawi linaletsa majumbo opyapyala m'chaka cha 2015. Bwalo lalikulu la apilo linatsimikiza chiletsocho mu 2019. Ndipo mwana wathu Gloria Majiga-Kamoto analandira mphotho ya Goldman mu 2021 chifukwa cha kulimbikira kwake pa nkhondo imeneyo. Zonsezo ndi zoyamikika. Koma lamulo limaletsa fakitale. Dzanja la munthu limaphunzitsidwa ali mwana, pakuti m'mera ndi poyamba.

Chotero ndikupemphani, ndipo ndibwereza: kusamalira mabini kusakhale chibalo. Kukhale ulemu, udindo wochita kusankhidwa, wokhala ndi chizindikiro chake pachifuwa. Kumbukirani kuti Ambuye, atadyetsa khamu lija m'chipululu, analamula kuti makombo atoledwe, nadzala mitanga 12. Ndipo ntchito yotolayo sanaipereke kwa olakwa kapena kwa ochedwa, koma kwa ophunzira ake enieni, omwe aja anagawa mkate. Iye amene anali ndi mphamvu yochulukitsa sanalole kuti chotsala chionongeke.

Njira yoperekera udindo umenewu kwa ana ilipo kale. Pali ndondomeko yotchedwa Eco-Schools, imene inayambitsidwa m'chaka cha 1994 ndi bungwe la Foundation for Environmental Education, ndipo muno mu England imayendetsedwa ndi Keep Britain Tidy, limene likulu lake lili ku Wigan, kufupi ndi abale athu a ku Manchester. Ili ndi masitepe 7, ndipo loyamba ndi kukhazikitsa komiti ya ana. Anawo ndiwo amayendera sukulu yawo, naona pamene pavuta, nakonza chochita, nayeza zotsatira, kufikira sukuluyo italandira mbendera yobiriwira. Ndipo inu amayi, mverani ichi: Keep Britain Tidy inachokera pa chigamulo cha amayi a Women's Institute m'chaka cha 1954. Anali amayi otopa ndi kuona dziko lawo likuda, monga mmene inu mumatopera.

Palinso eni ena amene kawirikawiri amaiwalika: bambo wosamalira nyumba za sukulu, amene kuno amamutcha caretaker, amayi ophika, ndi onse osesa ndi kukolopa ana ataweruka. Ena a ife m'chipinda muno timagwira ntchito yomweyo, ndipo tidziwa kuwawa kwake kwa kupeza kuti akuluakulu apangana zinthu pa pepala osatifunsa, ife n'kutsala ndi katundu wake pamsana. Wosamalira sukulu ndiye adziwa tsiku ndi ora limene lole imabwera, mpata umene imafuna kuti itembenuke, ngodya imene madzi amaundana n'kuterera m'nyengo yozizira, ndi bini limene limadzaza msanga. Safunsa anadya phula. Muyambe ndi iye, mumukhazike pa mpando m'komiti ya ana, ndipo anawo amudziwe dzina ndi kumupatsa moni. Pakuti mwana amene waphunzira kulemekeza malo a zinyalala adzalemekezanso munthu wogwira ntchito pamenepo, ndipo munthu ameneyo nthawi zina ndi mayi ake omubala.

Mfundo yachisanu ndi yaifupi: ana auzidwe zoona za kumene zinthuzo zimapita. Mwana akaona kuti zimene anasankha mosamala zakhuthulidwa m'bini limodzi ndi zina zonse, chikhulupiriro chake chatha, ndipo kuchibweza n'kovuta. Choncho pakhale sikelo. Lachisanu lililonse komiti iyeze mapepala ndi zitini, ilembe makilogalamu pa bolodi la pamalopo. Auzidwe kuti kupanga chitini cha aluminiyamu kuchokera ku chitini chakale kumapulumutsa pafupifupi magawo 95 mwa 100 a mphamvu zimene zikanafunika pochipanga kuchokera ku miyala. Aphunzitsi awatenge akaone okha: ku Sharston, ku Manchester, kuli malo osankhirako zinyalala kumene ana a sukulu amalandiridwa, ndipo ku Trafford Park kuli Renew Hub, kumene mipando, njinga ndi katundu wina wotayidwa amakonzedwa kuti agulitsidwenso. Ndipo makoko a zipatso asanduke manyowa pomwepo, manyowawo adyetse nyemba za m'mabokosi aja, kuti mwana amene anaponya khoko m'mwezi wa Okutobala adzathyole chitheba m'mwezi wa Julayi.

Ndidziwa chimene chatsala m'mitima ya ena. Mukuti, ife ndife alendo m'dziko la eni; tingapite bwanji kwa mphunzitsi wamkulu kukamuuza za mabini ake? Koma makolo athu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ndipo mwana wanu akalembedwa m'kaundula wa sukulu, inu simulinso mlendo pamenepo. Nthawinso ikutikomera. Kuyambira pa 31 Malichi 2025, lamulo la muno mu England likufuna kuti malo a ntchito okhala ndi antchito 10 kapena kuposerapo, kuphatikizapo sukulu, azipatula zakudya zotsala, ndi mapepala, mapulasitiki, zitini ndi magalasi, kusiyana ndi zinyalala wamba. Ndipo boma lalengeza kuti kuyambira mu Okutobala 2027 wogula chakumwa cha m'botolo la pulasitiki kapena m'chitini azisiya kandalama kodzabwezedwa akabweza chotengeracho, monga mmene tinkachitira ndi botolo la Fanta lija. Tsono aphunzitsi aakulu ali kale pakati pa kusuntha mabini ndi kugula atsopano, ndipo ambiri a iwo alibe nthawi yoganizira za maluwa ndi benchi. Kholo lofika ndi manja ofuna kuthandiza, osati ndi chala choloza, lidzalandiridwa.

Chochita ndi ichi. Sabata ikubwerayi, popita kukatenga mwana, mumufunse kuti akulozereni kumene amataya botolo lake, ndi chimene amamva akafika pamenepo. Kenako mupemphe kuonana ndi wosamalira sukulu, mumve kwa iye. Pambuyo pake ndiye mulembere mphunzitsi wamkulu, kapena mukaiturule nkhaniyi pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, mutapeza kale makolo ena awiri kapena atatu a mitundu ina oti muime nawo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Pakhomopo ndasiya pepala pa tebulo. Amene adziwa ukalipentala alembe. Amene ali ndi galimoto yonyamulira matabwa alembe. Amene ali ndi dzanja la maluwa alembe, ndi mzinda umene akhala, kuti a ku Sheffield adziwane okhaokha, a ku Liverpool chimodzimodzi. Dzina loyamba pa pepalapo ndi la mdzukulu wanga uja. Wati iye adzajambula chambo pakhoma, ndipo akufuna wina womugwirira makwerero.